Dziko lathu ndi lonenepa m'chiuno: chatsitsa dzaye n'chiyani?

Aphunzitsi akafunsa kuti dziko lapansi ndi looneka bwanji, kalasi yonse imayankhira pamodzi kuti ndi lobulungira ngati mpira. Yankho limeneli ndi labwino, koma kusekondale timafuna kupitirirapo pang'ono. Dziko lathu ndi lophwatalala pang'ono kunsonga zake ziwiri, ku North Pole ndi ku South Pole, ndipo ndi lofufuma pakati, pamzere wa ikweta. Dzina la kaumbidwe kameneka m'mabuku anu a Geography ndi oblate spheroid. Ambiri mumangoliloweza dzinali, n'kulilemba pamayeso, basi. Lero ndikufuna tione zinthu zitatu: kuphwatalalako ndi kochuluka bwanji, kunabwera bwanji, ndiponso anthu anakudziwa bwanji kalekale kusanabwere ndege kapena masetilaiti.

Tiyambe ndi kubulungirako

Kuti dziko ndi lobulungira, anthu anadziwa kale kwambiri. Aristotle wa ku Greece, zaka zoposa 2,300 zapitazo, anaona kuti pa kadamsana wa mwezi chithunzithunzi cha dziko chimene chimagwera pamwezi chimakhala chozungulira nthawi zonse. Mbale nayonso ingapereke chithunzithunzi chozungulira, koma pokhapokha mutayiyang'anitsa bwino kukuwala. Mukayipendeketsa, chithunzithunzicho chimasintha. Chinthu chimene chimapereka chithunzithunzi chozungulira mbali iliyonse ndi chobulungira chokha.

Kenako Eratosthenes, amene ankakhala ku Alexandria m'dziko la Egypt, anayeza kukula kwa dziko pogwiritsa ntchito dzuwa. Tsiku limene dzuwa la masana linali pamutu penipeni ku Syene, kumene lero ndi ku Aswan, ku Alexandria linali lopendekeka ndi madigiri pafupifupi 7.2. Mukagawa 360 ndi 7.2 mupeza 50. Ndiye kuti mtunda wa pakati pa mizinda iwiriyi ndi gawo limodzi mwa magawo 50 a ulendo wozungulira dziko lonse. Musaiwale nzeru imeneyi, yoyeza dziko poyang'ana kumwamba, chifukwa tikumana nayonso kutsogoloku.

Inu amene mumakhala kunyanja, umboni muli nawo pakhomo. Sitima ya Ilala ikamachoka padoko n'kumapita kutali, thunthu lake ndi limene limayamba kubisika, kumtunda kwake kukuonekabe. Sikuti ikumira ayi. Yatsikira kuseri kwa kukhota kwa madzi. Munthu ataima m'mphepete mwa nyanja, maso ake ali mamita awiri kuchokera pamadzi, amaona madziwo mpaka makilomita pafupifupi 5 okha.

Nanga kuphwatalalako ndi kochuluka bwanji?

Tiyeni tione manambala. Kuchokera pakatikati pa dziko kufika pa ikweta pali makilomita 6,378. Kuchokera pakatikati pomwepo kufika ku North Pole kapena ku South Pole pali makilomita 6,357. Kusiyana kwake ndi makilomita 21. Mutaboola dziko kuchokera pa ikweta n'kukatulukira pa ikweta mbali inayo, mungayende makilomita 12,756. Mutaliboola kuchokera kunsonga ina kukatulukira kunsonga inzake, mungayende makilomita 12,714. Ulendo wozungulira dziko motsata ikweta ndi wa makilomita 40,075, pamene wodutsa kunsonga zonse ziwiri ndi wa makilomita 40,008.

Tsopano gawani 21 ndi 6,378. Mupeza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 300. Akatswiri atawerengera ndi manambala osadula amapeza 1/298. Kodi nambala imeneyi ndi yaikulu? Tengani mpira wa miyendo, umene m'mimba mwake ndi masentimita pafupifupi 22. Dziko litachepetsedwa kufanana ndi mpirawo, kuphwatalala kwake sikungakwane ngakhale milimita imodzi. Mpira umene mumamenya pagiraundi ya sukulu yanu mwina ndi wopindika kuposa dziko.

N'chifukwa chake zithunzi za dziko zojambulidwa kuchokera m'mlengalenga zimaoneka zobulungira bwinobwino. Diso silingathe kuona kusiyanako. Zojambula za m'mabuku zimene zimaonetsa dziko ngati dzungu kapena nachesi zimakokomeza dala kuti muone kumene kwaphwatalala. Komanso chonde musamanene kuti dziko lili ngati dzira. Dzira ndi lotalika kunsonga, pamene dziko ndi lalifupi kunsonga. Ndi zinthu ziwiri zotembenukana.

Chatsitsa dzaye

Akuluakulu amati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Pankhani yathuyi zotsitsa dzaye zilipo ziwiri, ndipo zimakokanakokana.

Choyamba ndi mphamvu yokoka ya dziko, imene m'kalasi ya Physics mumaitchula kuti gravity. Mphamvu imeneyi imakokera chilichonse pakatikati pa dziko: miyala, madzi, mpweya, inu ndi ine. Chinthu chikakhala chachikulu kwambiri, mphamvuyi imachiumba kukhala chobulungira, chifukwa mbali iliyonse yotumphuka imakokedwa mpaka kutsika. Pakanakhala mphamvu yokhayi, dziko likanakhala mpira weniweni.

Chachiwiri ndi kuzungulira kwa dziko. Dziko limazungulira kamodzi pa tsiku, ngati nguli, pamzere wongoganizira wodutsa ku North Pole ndi ku South Pole. Malo onse amamaliza kuzungulirako pa nthawi yofanana, koma mtunda umene amayenda ndi wosiyana. Munthu wa pa ikweta, tinene ku Uganda kapena ku Kenya, amayenda makilomita 40,075 pa tsiku, liwiro la makilomita pafupifupi 1,670 pa ola. Wa ku Lilongwe, madigiri 14 kummwera kwa ikweta, akuthamanga makilomita pafupifupi 1,620 pa ola ngakhale ali gone pamphasa. Woima pa North Pole penipeni sakupita kulikonse, akungotembenuka pamalo amodzi.

Ndiye liwiroli likukhudzana bwanji ndi kufufuma? Chinthu choyenda chimafuna kupita molunjika. Kuti chikhote, pamafunika mphamvu yochikokera m'kati. Mwaziona m'minibasi: dalaivala akakhota pakona mothamanga, nonse mumakapanikiza munthu wa kuwindo. Thupi lanu limafuna kupitirira molunjika pamene minibasi yakhota. Mwazionanso panjinga nthawi ya dzinja. Matope a kunja kwa tayala amathetheka mpaka kudetsa yunifolomu kumsana, koma matope amene amata pakati pa gudumu amangokhala phee. Kunja kwa tayala ndiye ikweta, pakati pa gudumu ndiye kunsonga.

Dziko silithetha miyala ndi madzi ake ngati tayala lija, chifukwa mphamvu yokoka ndi yaikulu kwambiri. Koma pa ikweta, kagawo kena ka mphamvuyo kamathera pa ntchito yokhotetsa zinthu kuti zizizungulirabe limodzi ndi dziko. Yotsala yopanikizira pansi imachepako. Zotsatira zake, dziko limafufuma pamenepo n'kutsika kunsonga.

Wina afunsa kuti, madzi ndiye tamva, koma thanthwe lingafufume bwanji? M'kati mwa dziko ndi motentha kwambiri ndipo miyala yam'menemo ndi yopanikizika koopsa. Ikakhala choncho kwa zaka mamiliyoni ambiri imasuntha pang'onopang'ono, ngati phula lofunda. Taganizaninso izi: miyala ikanakana kufufuma, madzi a m'nyanja zikuluzikulu okha ndi amene akanathamangira ku ikweta, ndipo mayiko a kumeneko akanamira.

Umboni wina uli kumapulaneti anzathu. Jupiter amazungulira kamodzi m'maola osakwana 10, ndipo kuphwatalala kwake ndi pafupifupi 1/15. Saturn amazungulira m'maola pafupifupi 10 ndi theka, ndipo iye ndiye anaphwatalala zenizeni, pafupifupi 1/10, moti zimaoneka ndi maso pachithunzi chake.

Wotchi imene inayamba kuchedwa

Nkhani ya mmene anthu anadziwira zimenezi inayamba ndi wotchi. M'chaka cha 1672 katswiri wa zakuthambo wa ku France, Jean Richer, anapita ku Cayenne, ku South America, pafupi ndi ikweta. Anatenga wotchi ya pendulamu, ija imayenda ndi kachitsulo kolendewera kamene kamapita uku ndi uku. Wotchiyo inkasunga nthawi bwino ku Paris, koma ku Cayenne inayamba kutsalira ndi mphindi pafupifupi ziwiri ndi theka tsiku lililonse. Kuti iyambenso kulondola, Richer anachita kufupikitsa pendulamuyo ndi mamilimita pafupifupi atatu.

Pendulamu imagwedezeka chifukwa dziko likuikoka. Kukokako kukachepa, imagwedezeka pang'onopang'ono. Choncho wotchi ya Richer inkanena kuti zinthu zimapepukako pafupi ndi ikweta.

Isaac Newton wa ku England anaitola nkhaniyi m'buku lake lotchedwa Principia, limene linatuluka mu 1687. Anati tiyerekeze zitsime ziwiri zakuya, china chokumbidwa kuchokera kunsonga, china kuchokera pa ikweta, zonse zokumana pakatikati pa dziko ndipo zodzaza madzi. Madzi a m'chitsime cha pa ikweta ndi opepukako chifukwa cha kuzungulira kuja. Kuti madzi a mbali ziwirizi alingane mphamvu, osakankhana, chitsime cha pa ikweta chiyenera kutalikirapo. Atawerengera anapeza kuphwatalala kwa 1/230. Nambalayi inaposa yeniyeni chifukwa iye anawerengera ngati dziko ndi lolemera mofanana paliponse, pamene kwenikweni pakati pake, podzaza ndi chitsulo, ndi polemera kwambiri kuposa miyala ya pamwamba. Komabe tangoganizani: munthu ali pa tebulo, ndi pepala ndi cholembera, n'kunena kaumbidwe ka dziko lonse.

Mkangano umene unatumiza anthu kuchisanu ndi kumapiri

Si onse anavomereza. Ku France, Giovanni Domenico Cassini ndi mwana wake Jacques Cassini anali akuyeza dziko lawo kuchokera kumpoto mpaka kummwera. Jacques ataphatikiza miyezoyo ananena zosemphana ndi za Newton: anati dziko ndi lotalika kunsonga, ngati ndimu. Mkangano unabuka. Mbali ina inali ndi masamu, mbali ina inali ndi miyezo. Ndipo sinali nkhani yongopikisana nzeru, chifukwa mapu a oyendetsa zombo panyanja ankadalira yankho lake. Komanso chiphunzitso cha Newton cha mphamvu yokoka chinali pamlandu: dziko likanapezeka lotalika kunsonga, ndiye kuti masamu ake anali ndi vuto penapake.

Njira yothetsera mkanganowu inali kuyeza kutalika kwa digiri imodzi ya latitude m'malo awiri otalikirana kwambiri. Pano mvetserani bwino, chifukwa ambiri amasokonezeka. Latitude imadziwika poyang'ana nyenyezi. Mukamayenda cha kumpoto, nyenyezi za kumpoto zimakwera pang'onopang'ono m'mwamba. Zikakwera ndi digiri imodzi, ndiye kuti mwayenda digiri imodzi ya latitude. Funso ndi lakuti: pansi mwayenda makilomita angati? Ganizani za msewu. Pakona yakuthwa, galimoto imatembenuka kwambiri pakamtunda kochepa. Pakona yokhota pang'onopang'ono, imayenda mtunda wautali kuti itembenuke mofanana. Dziko nalonso chimodzimodzi. Pamene laphwatalala ndiye pakona yokhota pang'onopang'ono, ndipo digiri imodzi imakhala yaitali. Pamene lakhota kwambiri, digiri imakhala yaifupi. Ngati Newton ankanena zoona, digiri ya kufupi ndi kunsonga inayenera kutalika kuposa ya pa ikweta.

Bungwe la asayansi la ku Paris, Académie des Sciences, linatumiza magulu awiri. Loyamba linanyamuka mu 1735 kupita kudera la Quito, limene lero lili m'dziko la Ecuador koma nthawi imeneyo linali mbali ya Peru pansi pa ulamuliro wa Spain. M'gululi munali Louis Godin, Pierre Bouguer ndi Charles Marie de La Condamine. Lachiwiri linanyamuka mu 1736 kupita ku Lapland, kumpoto kwenikweni kwa Ulaya, motsogozedwa ndi Pierre Louis Maupertuis. Anapita nawo Anders Celsius wa ku Sweden, yemwe uja dzina lake mumalitchula poyeza kutentha.

Mtunda wa makilomita 100 sungayezedwe ndi tepi kudutsa mapiri ndi nkhalango. Iwo ankayeza mzere umodzi wokha pamalo athyathyathya, mosamala kwambiri, ndi ndodo zoyezera. Kenako ankaika zizindikiro pamwamba pa mapiri n'kumayeza ma angle a pakati pake. Mukadziwa mbali imodzi ya triangle ndi ma angle ake, mbali zotsalazo mumazipeza ndi masamu, ndipo mbali yatsopanoyo imakhala poyambira pa triangle yotsatira. Ndi trigonometry yomweyi mumaphunzira mu Fomu 3 ndi Fomu 4. A ku Lapland anayeza mzere wawo, wa makilomita pafupifupi 14, pamwamba pa mtsinje wa Torne madzi ataundana ndi chisanu.

Gulu la Maupertuis linabwerera mu 1737 ndi yankho: digiri ya ku Lapland ndi yaitali kuposa ya ku France. Gulu la ku Quito linatha zaka pafupifupi 10 m'mapiri a Andes, likuvutika ndi mphepo, matenda ndi mikangano, koma nalonso linapeza kuti digiri ya pa ikweta ndi yaifupi. Newton anapambana mlandu, ngakhale anali atamwalira kale mu 1727. Lero tikudziwa kuti digiri imodzi ya latitude ndi makilomita 110.6 pa ikweta ndipo ndi makilomita 111.7 kunsonga. Kilomita imodzi yokhayo ndi imene anthu anavutikira zaka zonsezo.

Ntchito ya mtundu umenewu inachitikanso kuno ku Africa. Mzere wa ma triangle wotsata longitude ya madigiri 30 kummawa, umene anauyambitsa David Gill wa ku Cape Town, unadutsa ku Zimbabwe ndi ku Zambia mpaka kukafika ku Egypt, ndipo unamalizidwa mu 1954.

Nanga ife zikutikhudza pati?

Choyamba, kulemera. M'kalasi mumagwiritsa ntchito g ngati 9.8 kapena 10. Nambala yeniyeni pa ikweta ndi 9.78, ndipo kunsonga ndi 9.83. Zifukwa ndi ziwiri: kuzungulira kuja, komanso pa ikweta uli kutali ndi pakatikati pa dziko. Thumba la chimanga limene sikelo yolendewera ya sipuling'i yaonetsa makilogalamu 50 pa ikweta, mutapita nalo ku North Pole sikelo yomweyo ingawonjezere magalamu pafupifupi 250. Chimangacho sichinachuluke, mass yake ndi yomweyo. Chasintha ndi weight, mphamvu imene dziko likuchikokera. Kusiyana kwa mawu awiriwa kumabwera pamayeso kawirikawiri.

Chachiwiri, mapiri. Everest ndi phiri lalitali kuposa onse tikayeza kuchokera pamlingo wa nyanja zikuluzikulu: mamita 8,849. Koma tikayeza kuchokera pakatikati pa dziko, limagonja kwa Chimborazo la ku Ecuador, la mamita pafupifupi 6,260 okha, chifukwa Chimborazo lakhala pamimba pa dziko. Nsonga yake ndi yotalikira pakatikati pa dziko ndi makilomita pafupifupi awiri kuposa ya Everest. Mwa kuyeza komweku, Sapitwa wathu wa ku Mulanje, wa mamita 3,002, amaposa Mont Blanc wa ku Ulaya, wa mamita oposa 4,800. Ndipo inu muli ku Lilongwe, muli kutali ndi pakatikati pa dziko ndi makilomita oposa 12 poyerekeza ndi m'bale wanu amene ali ku London.

Chachitatu, ndipo ichi ndi chachikulu, mapu ndi GPS. Foni yanu ikamakuuzani pamene muli, imawerengera potengera chifanizo cha dziko chotchedwa WGS 84, chimene chili ndi manambala aja 6,378 ndi 1/298. Ikanaliona dziko ngati mpira weniweni, ikanakusocheretsani ndi makilomita angapo. Mapu akale a Malawi, Zambia ndi Zimbabwe anajambulidwa potengera dongosolo lina lotchedwa Arc 1950, limene limagwiritsa ntchito chifanizo cha dziko chimene Alexander Ross Clarke anawerengera mu 1880. Mukatenga manambala a malo pamapu akalewo n'kuwalowetsa mu GPS osawatembenuza, mukaima pamalo olakwika ndi mamita mazana angapo. Pankhani ya malire a munda, puloti kapena pokumba mjigo, mamita mazana angapo ndi mlandu wa kwa amfumu. Amene mukufuna kudzakhala masaveya, mainjiniya kapena oyendetsa ndege, nkhani ya lero ndi ndiwo yanu ya tsiku ndi tsiku.

Ndiwonjezerepo kuti ngakhale oblate spheroid ndi chifanizo chabe. Miyala ya m'kati mwa dziko ndi yolemera mosiyanasiyana, choncho mlingo wa nyanja umakwera malo ena n'kutsika malo ena ndi mamita pafupifupi 100. Kaumbidwe kenikeni kameneka amakatchula kuti geoid. Malo amene kanatsika kwambiri ali m'nyanja ya Indian Ocean, kummwera kwa India.

Yesani nokha

Dulani timizere tiwiri ta pepala lolimbirapo, kutalika masentimita 30, m'lifupi masentimita awiri. Boolani kamzere kalikonse pakati ndi kumapeto konse kuwiri. Pingasitsani timizereto, lowetsani pensulo pamabowo a pakati, kenako pindani mapeto onse anayi n'kuwalowetsanso papensulo kuti pakhale kampira. Mbali ya pamwamba imatani ndi selotepi, koma ya pansi isiyeni kuti izitha kutsetsereka. Tsopano pekesani pensuloyo pakati pa zikhatho ngati mukupekesa moto. Muona kampirako kakufufuma pakati n'kufupika. Mukawonjezera liwiro, kaphwatalala kwambiri ngati Saturn.

Mukatero yankhani mafunso awa m'kope mwanu. Dziko litasiya kuzungulira, madzi a m'nyanja zikuluzikulu angalowere kuti, ndipo chifukwa chiyani? Wotchi ya pendulamu yolondola ku Karonga mutapita nayo ku Cape Town, ingafulumire kapena ingachedwe? Nanga n'chifukwa chiyani mayiko a ku Ulaya amakaulutsira maroketi awo ku Kourou, pafupi ndi Cayenne kuja kunachedwa wotchi ya Richer? Mfundo zoyankhira mafunso onse atatu zili m'phunziro lomweli. Kambiranani ndi anzanu, ndipo pa yankho lililonse muzinena chifukwa chake.